Kuseri kwa Mpando wa Apongozi

Dzina loti Nesi sanalitenge kusukulu ya zachipatala. Anamupatsa ndi alamu ake, chaka chimene apongozi ake aamuna anagwa m'bafa n'kufa mbali yakumanzere. Poyamba linali la nthabwala, lonenedwa mano ali panja: "Anesi, wodwala wanu wadya?" Koma nthabwala ya abale a mwamuna imamata ngati ulimbo. Posakhalitsa ngakhale ana a kwa aneba ankamuitana choncho, ndipo iye ankavomera.

Ntchitoyo ankaidziwadi. M'mawa ankawavula thewera mdalayo, kuwapukuta ndi madzi ofunda, kuwapaka mafuta kumsana kuti asachite zilonda, kenako kuwanyamula pabedi n'kuwakhazika pachikuku, mpando wa matayala uja. Pogwira anachita kuphunzira yekha: dzanja limodzi m'khwapa, lina pa lamba, bondo lake kutsekereza bondo lawo. Musaganize kuti mdalayo ankathokoza. Mawu onse anawathera, anangotsala ndi limodzi, loti "iwe", komanso dzanja lamanja limene linali lidakali ndi mphamvu zotsinira. Phala likatentha, kutsina. Likazizira, kutsina. Koma ana awo akabwera Lamlungu atavala za kutchalitchi, theka la nkhope limene linkagwira ntchito linkawala, ndipo anawo pobwerera ankauzana kuti bambo akupezako bwino.

Mwamuna wa Nesi ankayendetsa thiraki, ndipo pakhomo ankafika ngati mlendo, kudzasintha malaya. Awiriwo analibe mwana. Mwamunayo payekha anali naye, kamtsikana kongoyamba kumene kuyankhula, kwa mayi wina wa saluni ya pafupi ndi depoti. Aliyense ankadziwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti Nesi akudziwa. Nkhaniyo inkangolambalalidwa ngati chithaphwi cha pakhomo.

Pabalaza panali khoma la zithunzi. Panali malemu apongozi aakazi ali ndi chipewa, panali alamu onse ndi mikanjo yawo ya kusukulu, panali zidzukulu, ngakhale galu amene anafa kalekale analipo. Nesi ankazipukuta Loweruka lililonse, koma iye pakhomapo panalibe. Zithunzi za ukwati wake zinapita ndi foni ya mlamu wake imene inabedwa m'basi, ndipo chiyambire palibe anaganizapo zomuuza kuti taima apo tikujambule.

Ndiye kunabwera mlamu wake wamng'ono, amene amagwira ntchito kunja. Atawaona bambo ake mmene anatheramo, analira, kenako n'kunena kuti pakufunika chithunzi cha banja lonse mdala adakali moyo. Nkhani yotere sikanapita patali osagwera m'manja mwa Ahedi. Ahedi anali mwana woyamba m'banjamo, mphunzitsi wamkulu pasukulu ina, mayi amene ngakhale popempha mchere ankamveka ngati akuyitana mayina m'kalasi.

"Loweruka, kwa wojambula wa pamwamba pa sitolo ya mafoni," anatero Ahedi. "Aliyense avale za buluu. Sindikufuna kuona munthu atavala ngati akupita kumsika. Aliyense wa m'banja muno apezeke."

Nesi anali ataima pakhomo la khitchini, thireyi ili m'manja. "Ndi ine ndemwe, alamu?"

"Nanga ndinu a kwa aneba?"

Anthu anaseka, nayenso anaseka. Atabwerera kukhitchini anatsamira sinki. Kunena zoona, chithunzicho anachifuna ndi mtima wake wonse. Mkazi wopanda mwana, wokhala m'nyumba ya eni, amagona ndi funso limodzi: mdalayu akadzatsikira kulichete, n'chiyani chidzasonyeze kuti ine ndinakhalako kuno? Tsopano yankho linali litapezeka. Adzaima pambali pa mwamuna wake, m'galasi, pakhoma, ndipo wofuna kumuchotsa adzayambe wakwera pampando.

Anagula nsalu ya buluu n'kupita nayo kwa telala. Telalayo pomuyeza anati, "Mwatha bwanji chonchi, mayi? Mukudyetsa ena inu osadya?" Tsitsi anakamangitsa kutali, mbali ina ya tauni, kuopa kukagwera m'manja molakwika. Anagulanso kabotolo ka utoto wofiira wa m'zikhadabo, chinthu chimene anali atasiya kalekale chifukwa sopo ndi madzi a matewera sizigwirizana ndi zodzikongoletsa.

Loweruka m'mawa anayamba ndi mdala, monga mwa masiku onse. Anawameta ndevu, kuwadula tsitsi la m'makutu, kuwaveka malaya oyera. Akutenga thewera, Ahedi analowa.

"Chimenecho ayi."

"Alamu, ulendowu ndi wautali. Amwa tiyi."

"Suti ndi thewera zinagwirizanapo liti? Mukufuna thalauza litukumuke, anthu azidzaloza kuti bambo a Ahedi ankavala za makanda? Apirira. Si mwana."

Nesi anabweza thewera mu paketi. Iye anavala pomalizira, galimoto ikuliza kale hutala panja, moti zipi ya kumsana anaimalizira pa masitepe.

Kwa wojambula kunali kokwera. Mwamuna wake ndi mlamu wa kunja uja ananyamula chikuku, akubuula ngati anyamula nyumba, Nesi ali pambuyo kugwirizira mutu wa mdala. Chipindacho chinali chotentha, chonunkha fumbi ndi mafuta onunkhira a anthu amene anatuluka kale. Kukhoma kunali chinsalu chojambulidwa zipilala ndi maluwa, kutsogolo kwake mpando waukulu wopakidwa utoto wagolide, wokutidwa nsalu yofiira yofika pansi. Wojambulayo anali bambo wamfupi wovala kajekete ka matumba ambirimbiri, wa pakamwa posatseka.

Ndipo pabenchi ya pakona panali patakhala mayi wa saluni uja, mwana ali pamiyendo.

Nesi anayang'ana mwamuna wake, koma mwamunayo anali atapeza chinthu chofunika kwambiri mu foni yake.

"Wangoperekeza mwana," anatero Ahedi, osatsitsa n'komwe mawu. "Mwanayu ndi magazi athu. Chibale ndi fupa, Anesi, sichiola. Agogo ake ajambulitse popanda iye?"

Mayi wa saluniyo anapereka moni mwaulemu wonse, mpaka kupinda bondo. Anali atavala diresi ya buluu. Nesi anadziuza kuti buluu ndi mtundu wa aliyense, sitolo iliyonse amagulitsa. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa mboni.

Ahedi analamula kuti chikuku chisaoneke pachithunzi, bambo awo akhale pampando wagolide ngati munthu wamkulu. Nesi anawanyamula n'kuwakhazika, kuwakonza tayi, kuika dzanja lakufalo pabondo. Atangochotsa manja, mdala anayamba kupendekera kumanzere, pang'onopang'ono, ngati thumba losadzaza. Anawadzutsa. Anapendekeranso. Anayesa kutsamiritsa pilo, pilo inagwa. Mlamu wa kunja anayesa kuwagwira paphewa ataima pambali, koma mdala anangoterereka kutsogolo, chibwano pachifuwa.

"Musavutike, mabwana," anatero wojambula. "Ife timakumana nazo izi tsiku lililonse, makamaka ndi makanda osatha kukhala. Munthu mmodzi amagwada kuseri kwa mpando, timamufunditsa nsaluyi, n'kulowetsa manja m'mipata iyi ya m'mbali. Amagwira mwana m'khwapa, ife kuno tcha! Pachithunzi mwana amaoneka wakhala yekha ngati bwana. Ndani amadziwa kuwagwira adadawa?"

Palibe anatchula dzina. Mitu yonse inangotembenuka.

"Alamu," anatero Nesi, mawu ali pansi, "ndimati nanenso..."

"Iii, Anesi, musayambe. Tijambula ziwiri. Choyamba ichi, chachiwiricho mulimo. Kapena mukufuna bambo agwe?"

Nesi sanafunse kuti pa chachiwiricho adzagwire ndani. Maso onse anali pa iye, ndipo mdala anali atayamba kale kupendekera. Anakweza diresi yake yatsopano pang'ono, n'kugwada pa simenti kuseri kwa mpando. Wojambula anamuponyera nsalu yofiira pamutu, pa tsitsi lomwe lija anakamangitsa kutali, n'kuikoka uku ndi uku.

"Weramani pang'ono, mayi, mutu ukuoneka ngati chulu. Eya. Musapume kwambiri, nsalu ikugwedezeka."

Mkati mwa nsaluyo munali mdima wofiirira ndi fumbi lokanda kukhosi. Tsaya lake linagunda thabwa la mpando. Manja analowa m'mipata, napeza malo awo a masiku onse: lina m'khwapa, lina pa lamba. Mdala anawongoka. Anthu anawomba m'manja ngati wawongoka yekha.

Pansi pa nsalu panali kampata, ndipo dziko lonse la Nesi linasanduka nsapato. Ankaziona zikukonzedwa: za Ahedi zakuda zosalala kumanja kwa mpando, za alamu ena, tinsapato ta zidzukulu kutsogolo. Kumanzere, pafupi kwambiri moti akanatha kuzikhudza, kunali nsapato za mwamuna wake, zimene Nesi anazipolisha yekha m'mawa. Pambali pa nsapatozo panali malo opanda munthu. Anawayang'ana malowo, nadziuza kuti ndi ake, akumudikira.

Kenako mwana uja anayamba kulira. Anamupatsa bambo ake kuti amunyamule, koma mwana sankawazolowera bambo obwera mwa apo ndi apo. Anakuwa, kuponda ndi miyendo, kutambasulira manja kubenchi. Anamuyesa ndi switi, anamuyesa ndi makiyi a galimoto, osatheka.

"Amayi ake a mwanayu ali kuti?" anafunsa wojambula. "Aa, ndi awo ali apowo? Nanga mwakhaliranji kutali, madamu, chonsecho mwavala kale yunifolomu? Bwerani, imani apa pambali pa bambo. Bambo, sunthani pang'ono, madamu alowe. Mukuchita manyazi ndi akazi anu omwe?"

Nesi anadikira. Panali anthu akuluakulu asanu ndi mmodzi odziwa zoona, ndipo mawu ofunika anali ochepa: ayi, si amenewo. Anamva wina akutsokomola. Anamva fani ikuzungulira. Kenako anaona nsapato zazitali zidendene zikubwera, ko, ko, ko, ndipo nsapato za mwamuna wake zinasuntha kupereka malo. Mwana anatonthola nthawi yomweyo.

"Mwaona?" anatero wojambula. "Mwana amadziwa kwawo. Bambo, dzanja paphewa la madamu."

Mkwiyo umene unamugwira Nesi unali woti akanatha kugubuduza mpando, nsalu, mdala ndi Ahedi omwe. Anafuna kudzuka, nsalu ili kumutu ngati chilombo, awafunse mmodzimmodzi kuti kodi pakamwa pawo pamatidwa ndi chiyani. Bondo limodzi linanyamuka ndithu. Koma atangofewetsa dzanja, anamva thupi la mdala likutsamira lonse pa zala zake, lolemera, lodalira, ndipo anadziwa pamene mutu wawo ukagunde: pa simenti, pafupi ndi nsapato zazitalizo. Anabweza bondo pansi. Paja chifundo chinapha nkhwali.

"Onse maso kuno! Mano panja! Adada, sekani pang'ono, mbali imene ikuthekayo!"

Anthu anaseka, kuwala kunang'anima. Wojambula anati abwereze chifukwa wina anatsinzina. Anabwereza. Anati abwerezenso. Pa ulendo wachitatu Nesi anamva kufunda pa mawondo. Madzi ankatsika kuchokera pa mpando, kudontha pa thabwa, kulowa mu diresi ya buluu. Mdala anati, "Iwe," ndipo dzanja lawo lamanja linafunafuna mkono wake m'mbali mwa mpando n'kuutsina.

Atamuvundukula, kuwala kunamuthobwa m'maso. Zidzukulu zinali zitagwira mphuno, zikuseka.

"Anesi, taonani zimene wachita wodwala wanu," anatero Ahedi. "Simunawapititse kuchimbudzi tisananyamuke? Pitani nawoni msanga, tisachititse manyazi pano."

"Nanga chachiwiri chija?"

Ahedi anamuyang'ana kuyambira kumutu, kumene tsitsi linali litaphwanyika mbali imodzi, mpaka pa chigamba chonyowa cha pa mawondo. "Mmene mulilimu?"

Wojambula naye anali akupukuta mpando wake, nthabwala zitamuthera, akunena kuti panja pali ena akudikira. Nesi anakankha chikuku kupita kukachimbudzi ka kumapeto kwa khonde, kopapatiza moti chitseko sichinatsekeke. Anawavula mdala, kuwatsuka ndi madzi a pampopi, kuwakulunga ndi nsalu imene ankayenda nayo m'chikwama. Potuluka anapeza ena onse atatsikira kale pansi, akujambulana ndi mafoni pafupi ndi galimoto, akupatsirana mwana uja.

M'mawa mwake mwamuna wake akumanga chikwama cha ulendo, Nesi anamufunsa funso limodzi lokha, kuti anauza mayi uja ndani za buluu.

"Iwe, usandiyambe. Mwana amalira, unafuna ndichite chiyani? Chithunzi n'chithunzi basi. Umadya chithunzi?"

Chinabwera patatha sabata, chachikulu, m'felemu yakuda. Ahedi anachotsa cha galu ndi cha zidzukulu ziwiri kuti chipeze malo pakati. Kunena chilungamo, chinali chokongola. Mdala anali atakhala mowongoka, tayi ili bwinobwino, ngati munthu amene angadzuke n'kukakwera basi. Aneba obwera kudzaona ankati, "Koma adada akadali ndi mphamvu!" Akafika pa mayi wa saluni ankakhala chete pang'ono, n'kuyamba kuyamikira felemu.

Nesi anapewa kuchiyang'ana mpaka tsiku lopukuta litakwana. Anakwera pampando ndi kansanza, n'kuyamba pamwamba, kupukuta nkhope imodzi ndi imodzi. Atafika pa jekete la mdala anaona kadontho, nakanda ndi chikhadabo. Sikanachoke. Anayandikiza maso. Pansi pa khwapa lakumanzere, pa nsalu yakuda ya jekete, panali nsonga za zala zinayi, zikhadabo zake zofiira.

Zimene anamva n'zochititsa manyazi kuzinena, koma anasangalala. Anaseka yekha pampandopo, misozi ikutsika. Analimo. Pang'ono pokha, koma analimo, pakati penipeni, ndipo popanda zala zimenezo chithunzi chonsecho chikanagwera kumanzere. Sanauze munthu. Masiku otsatira ankati akamadutsa pabalaza ndi beseni, ankaponyako diso ngati akupereka moni kwa mnzake.

Amene anaziona zalazo ndi mlamu wa kunja uja. Atabwerera kuntchito kwake anakulitsa chithunzicho pa foni, n'kutumiza pa gulu la banja atazunguliza zalazo ndi mzere, akufunsa ngati bambo agwidwa ndi mzukwa. Gulu lonse linafa ndi phwete. Ahedi okha sanaseke. Madzulo ake anafika, nayang'anitsitsa chithunzicho magalasi ali pamphuno, n'kuchitsitsa okha.

"Anthu aziti bambo sankatha kukhala okha. Komanso zikhadabo zofiira pa jekete la munthu wamkulu, anthu aganiza chiyani? Ndayankhula naye wojambula, akuti kuzifufuta n'kosavuta. Anesi, poti mawa mukukatenga mankhwala, mudzere konko. Musachigunditse."

Anachinyamula pamiyendo m'basi, atachikulunga ndi thaulo, akupepesa anthu amene ngodya za felemu zinkawabaya. Anakwera masitepe aja yekha. Wojambula anali akudya chinangwa chake cha m'mawa patebulo la kompyuta, ndipo anamulandira ndi chimwemwe cha munthu amene sanakuonepo.

"Aa, cha adada aja! Inde, amayi aakulu aja anaimba. Khalani apa, mayi, muone nokha." Anapukuta manja pa thalauza, nafufuza pa kompyuta mpaka banja lonse linatulukira, la buluu, mano panja. Anakulitsa pa khwapa. Zala zinadzaza galasi lonse, zazikulu, khungu losweka m'mbali mwa zikhadabo, utoto utapakidwa mokhota pa chala chaching'ono. "Taonani. Ndinawauza bwinobwino kuti abise manja. Antchito a masiku ano ndi choncho, amafuna aoneke basi. Akadali kwanuko?"

"Akadali konko," anatero Nesi.

"Muwapirire, ogwira odwala ndi osowa."

Anatenga kachidutswa ka jekete pambali n'kuyamba kumata pamwamba. Chala choyamba chinapita, chachiwiri, chachitatu. Pa chomaliza anachita kuyimba kanyimbo. Pamalopo panatsala nsalu yakuda yosalala, ngati telala wangoisita kumene.

"Basi. Koma poti mwabwera, yang'anani bwinobwino, ndisasindikize kawiri. Palinso china chake cha munthuyu chimene chatsalira?"

Nesi anasendeza mpando pafupi. Anayang'ana pansi pa mpando wagolide, m'mphepete mwa nsalu yofiira, pakati pa miyendo ya anthu, kuseri kwa phewa la mdala. Anapempha kuti akulitse kumanzere, kenako kumanja. Anafunafuna ndithu, mosafulumira, ngodya iliyonse, wojambula mpaka anayamba kugogoda tebulo ndi chala.

"Palibe," anatero.